Ku Degue anthu amayenda pansi chifukwa chosowa, osati chifukwa njira ndi yabwino

Kumudzi, ku Angónia kapena ku Tsangano, m'bale akabwera kuchokera ku Tete atatuluka mimba, anthu amati zake zayera. Azachipatala saona choncho. Kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno anapeza kuti mu 2005 akuluakulu 33 mwa 100 alionse anali ndi matenda othamanga magazi, ndipo pofika 2015 anali 39. Kunenepa mopitirira nako kunakwera, makamaka pakati pa amayi a m'tauni.

Bairo la Degue lili kunja kwa mzinda wa Tete, ndipo moyo wake sunasiyane kwenikweni ndi wa kumudzi. Anthu amapita kudimba, kumsika ndi kusukulu wapansi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, OMS, limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mayi wosenza dengu la masau kukagulitsa amakwanitsa zimenezi Lachitatu lisanafike, popanda womuuza.

Koma kuyenda kumeneku n'kwa umphawi. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la ku Tete limapyola madigiri 40, ndipo njira yopanda mthunzi imawotcha ngati chiwaya. Ndani angaikonde? Munthu akangopeza kantchito, tsiku lomwelo amakwera chapa kapena njinga yamoto, ngakhale ulendo wa pafupi. Palibe angam'dzudzule. Komatu nsima imakhala yomweyo, mafuta ndi zakumwa zotsekemera zimawonjezeka, thukuta lokha ndilo limatha.

Ndalama za malasha, chiyambire mgodi waukulu wa ku Moatize mu 2011, zakulitsa mzinda. Mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014 kuti magalimoto akuluakulu asamapanikizane pa mlatho wa Samora Machel. Magalimoto anaganiziridwa, woyenda pansi akudikirabe.

Degue akadali ndi malo, ndipo apa mpamene akuluakulu a Conselho Municipal ayenera kuchitapo kanthu nyumba zisanadzaze. Pogawa mapuloti asiye njira za anthu zotalikirana ndi msewu wa magalimoto. Msika, sukulu ndi chipatala zikhale poti nkhalamba itha kufika ndi miyendo yake. M'mbali mwa njirazo mudzalidwe mitengo ya nimu, yomwe imapirira chilala cha kuno, ndipo mafumu ndi masekeletale a bairo aonetsetse kuti mbuzi zisaidye ikadali yaing'ono.