Kusamuka ku Tete cifukwa ca sukulu: banja lisamuke lonse

Mabanja ambiri a kwathu kuno ku Angónia amene anatsikira ku Tete m'zaka za malasha ayamba kulankhula zobwerera kumtunda. Nkhaniyi timaimva pa maliro, pa ukwati, ngakhale pabwalo la parokia Misa ikatha, ndipo imayamba mofanana: renda ya nyumba yakwera, ana akula, malipiro akutha mwezi usanafike pakati. Ena akuganiza za Ulónguè, ena za Chimoio. Funso limene amatifunsa ndi lakuti, kodi ndi nzeru kucotsa ana mumzinda waukulu ndi kupita nawo kumene moyo ndi wotsika mtengo ndipo sukulu zili ndi mbiri yabwino? Ife tikuti ndi nzeru, pokhapokha banja likasamuka lonse. Kusamuka kumene kwafala masiku ano, kosiya bambo ku Tete ndi kukweza mayi ndi ana kumtunda, kawirikawiri sikupulumutsa ndalama, ndipo mwana sapindula ndi sukulu imene anamusamutsira.

Cimene cinakweza mitengo ku Tete tonse tikucidziwa. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, anthu anakhamukirako kucokera m'zigawo zonse za dziko lino ndi kunja komwe. Eni nyumba anapeza alendo olipira bwino, renda inakwera, ndipo zina zonse zinaitsatira. Mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014, mzinda unatambalala mbali zonse ziwiri za Zambezi, Matundo ndi Chingodzi kunadzaza nyumba. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodiwo kwa Vulcan n'kucoka, koma mtengo ukakwera umatsika mwaulesi. Pamwamba pa renda pali msonkho umene dzuwa la ku Tete limadula: m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala ventoinha ndi geleira sizipuma, ndipo Credelec imatha ngati madzi othira pamcenga. Kacewere, kabici ndi nyemba zimene mayi amagula pamsika wa Kwachena, zambiri zimacokera ku Angónia ndi ku Tsangano konkuno, zitakwera galimoto ndi kudutsa m'manja mwa ogulitsa awiri kapena atatu. Munthu wobadwira kumtunda akamagula mbatata ya kwawo pamtengo umenewo, mtima umamuwawa, ndipo ali ndi cifukwa.

Tsono papepala masamu amakomera kumtunda. Nyumba ndi yotsika mtengo, cakudya cili pafupi, ndipo mwana amawerenga usiku popanda kutuluka thukuta. Sukulu nazo zilipo. Ku Ulónguè kuli sekondale ndiponso nthambi ya Universidade Zambeze yophunzitsa za ulimi. Ku Msaladzi, m'boma la Tsangano, kuli Escola Secundária Inácio de Loyola ya ansembe a Cijezwiti. Ku Chimoio kuli likulu la Universidade Púnguè ndi nthambi ya Universidade Católica de Moçambique. Kholo limene layang'ana zonsezi n'kuganiza zosamuka silikuthawa udindo. Likuwerenga, ndipo kuwerenga ndi mbali ya cikondi ca kholo.

Koma pali cinthu cimodzi cimene sicikwera nawo galimoto ya katundu: nchito. Pamenepa ndi pamene mabanja ambiri amagwirizana cimene cimaoneka ngati nzeru. Bambo atsale, azigwira nchito, azitumiza ndalama pa M-Pesa. Mayi ndi ana atsogole. Tiyeni tiwerengenso, pang'onopang'ono. Bambo wotsalayo sagona pansi pa mtengo. Acita lendi cipinda, alipira magetsi ndi madzi, ndipo popeza palibe womuphikira, adya zogula. Nyumba imene inali imodzi tsopano ndi ziwiri, mafuwa ndi awiri, ndipo mphika wa munthu mmodzi sudya gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndi limodzi a mphika wa anthu asanu ndi mmodzi monga momwe masamu a m'mutu amatinamizira. Kucokera ku Tete kudzera ku Mussacama kukafika ku Ulónguè ndi mtunda wopitirira makilomita 200. Kupita ku Chimoio ndi pafupifupi 400. Miyezi yoyamba bambo amakwera chapa Lacisanu lililonse. Kenaka amaona kuti ndalama ya ulendo ikadagula thumba la feteleza, ndipo amayamba kubwera kamodzi pamwezi. Caka cikamatha amabwera pa Khirisimasi ndi pa maliro.

Zimene zimatsatira sitifuna kuzifotokoza mwatsatanetsatane patsamba limene ana athu amawerenganso. Tingoti mwamuna wokhala yekha mumzinda kwa zaka, ndi mkazi wosenza yekha nyumba, munda ndi ana, onse awiri aikidwa pa mayesero amene sanawapemphe. Anthu a ku Angónia sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Agogo athu anapita ku Salisbury ndi ku Joni akunena kuti ndi zaka ziwiri zokha, ndipo m'cinenero cathu munatsala mawu akuti machona. Iwo anathamangitsidwa ndi msonkho ndi cibalo ca atsamunda. Ife tikudzigawa tokha, ndi colembera m'manja, tikumati tikukonza tsogolo la ana.

Ndipo mwanayo, amene zonsezi zacitikira iye, amapindulanji? Timalakwa tikamaganiza kuti sukulu yabwino ili ngati cigayo, kuti ukathira cimanga ufa utuluka wokha. Lamulo la maphunziro la 2018, Lei 18/2018, linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9, ndipo linasamutsira kalasi ya 7 ku sekondale. Tanthauzo lake ndi lakuti mwana wa zaka 12 ali kale pakati pa anyamata ndi atsikana akuluakulu, ali ndi aphunzitsi ambiri m'malo mwa mmodzi womudziwa dzina, ndipo mwina amalowa masana n'kuweruka dzuwa litapendeka. Pa msinkhu umenewu pafunika wina wotsegula kope madzulo n'kufunsa ngati TPC yalembedwa, wina wodziwa anzake amene akuyenda nawo, wina wopita kumsonkhano wa makolo ndi kubwerako akudziwa cimene canenedwa. Mayi angathe zonsezi, ndipo ambiri amazicita modabwitsa. Koma mayi amene wadzuka mbandakuca kupita kumunda, wagulitsa pamsika, watunga madzi ndi kuphika, sitingamuweruze akagona kope lisanatsegulidwe. Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'kalata yake ya zamaphunziro ya 1965, Gravissimum Educationis, unaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo ndipo ali ndi ufulu wowasankhira sukulu. Ambirife timakumbukira za ufuluwo, n'kuiwala kuti mphunzitsi woyamba sangaphunzitse pa foni.

Tikumbukirenso kuti Banja Loyera linasamuka kawiri. Mateyu amatiuza kuti Yosefe, pobwerera kucokera ku Ejipito, anamva kuti Arkelao akulamulira Yudeya m'malo mwa bambo wake Herode, ndipo anasankha Nazarete, kamudzi ka ku Galileya kopanda ulemu uliwonse. Anayesa malo, anaona kumene mwana angakule bwino, anasiya kwa makolo ake. Anali mmisiri, ndipo mmisiri akasamuka amayambiranso kufuna makasitomala. Komabe pa maulendo onse awiri anatenga mwana ndi mayi wake, iye ali nawo limodzi.

Tikudziwa yankho limene ena atipatse, ndipo ndi lolemera. Wogwira nchito m'boma sasamuka tsiku limene wafuna. Amalemba pempho la transferência n'kudikira, nthawi zina kwa zaka. Wa kumgodi akasiya nchito, ku Ulónguè sakapeza ina yofanana nayo. Kodi ana adikire? Nthawi zambiri inde, adikire. Kusamukira ku bairro yotsika mtengo mumzinda momwemo, kapena kulowa m'nyumba yaing'ono kwa zaka ziwiri mukusunga ndalama, kumapweteka ulemu wa munthu pamaso pa anzake, koma kumasunga banja pa mphasa imodzi. Ngati mwana wamkulu ndiye afunika sukulu ina, ndi bwino kumupezera malo ku internato imene ili ndi malamulo odziwika, kusiyana ndi kugawa nyumba yonse cifukwa ca iye. Ndiponso ndi bwino kusiyana ndi kumutumiza kwa acibale. Pano tilankhule mosabisa: mtsikana wotumizidwa kwa azakhali kuti akaphunzire, kangati amasanduka wolera ana a eni nyumba, wofika m'kalasi mocedwa ndi manja onunkha sopo? Acibalewo si oipa. Nyumba iliyonse ili ndi nchito zake, ndipo zimagwera amene alibe womulankhulira.

Pamene kupatukana sikungapeweke, kukhale ndi malire. Mwamuna ndi mkazi agwirizane mwezi ndi caka cimene adzakhalenso pamodzi, ndipo auze ankhoswe awo, kuti pakhale wina wokumbutsa nthawiyo ikakwana. Lonjezo lopanda mboni limatalika lokha.

Kwa amene atsimikiza kusamuka onse, pali msampha wa kalendala umene ambiri sauona. Matrícula imacitika kumapeto kwa caka ndi mu Januwale, ndipo sukulu zimatsegulidwa cakumayambiriro kwa Febuluwale. N'cifukwa cake mabanja amafika kumtunda mu Januwale. Koma kumtunda timabzala ndi mvula yoyamba, mu Novembala kapena Disembala. Wofika mu Januwale wasemphana ndi dzinja lonse, ndipo wafika m'miyezi imene nkhokwe zapepuka ndipo cimanga cakwera mtengo. Adzagula cakudya kwa caka cathunthu ndi miyezi ingapo asanalawe ca m'munda mwake, ndipo kutsika mtengo kumene anatsatira sadzakuona. Banja lanzeru limayamba kusamuka mu Seputembala wa caka cam'mbuyo: wina akwera kukaona munda, kusosa, kupeza mbewu ndi feteleza, kuti pofika ana mmera ukhale utamera. Za mundawo, tisaiwale kuti malinga ndi Lamulo la Nthaka la 1997 nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Munthu amakhala ndi ufulu woigwiritsa nchito, umene pepala lake ndi DUAT. Munda wa agogo umene munausiya zaka khumi ndi zisanu zapitazo pali wina akuulima lero, ndipo ali ndi ana akenso. Nkhani imeneyo ikambidwe pamaso pa amalume ndi amfumu katundu asanakwere galimoto.

Sukulu nayonso isasankhidwe ndi mphekesera. Mbiri ya sukulu imatsalira m'mbuyo: anthu amatamanda mphunzitsi amene anasamutsidwa kalekale. Pitani nokha tsiku wamba, Laciwiri kapena Lacitatu, osati tsiku la mwambo. Yang'anani ngati aphunzitsi ali m'makalasi pa ola limene ayenera kukhalamo. Funsani kuti turma imodzi ili ndi ana angati, ngati pali mphunzitsi wa Física ndi wa Química wa makalasi a 11 ndi 12, ngati zimbudzi za atsikana zili ndi zitseko ndi madzi. Yendani wapansi kucokera pa nyumba imene mukufuna kukhala mpaka pa sukulu, mukuganiza za mwana akuyenda njira yomweyo m'mamawa wa Juni, cisanu ca kuno cikuluma, iye atazolowera kutentha kwa m'cigwa.

Ena amada nkhawa ndi cinenero. Mwana wokulira ku Tete amalankhula Cipwitikizi ndi Cinyungwe, ndipo makolo amaopa kuti kumtunda Cipwitikizi cake cidzafooka, makamaka akamva kuti sukulu zina za pulaimale zimayamba kuphunzitsa m'Cinyanja. Mantha amenewa ndi aakulu kuposa vuto lake. Kuphunzitsa m'zinenero ziwiri kunayesedwa m'cigawo cathu comwe cino pakati pa 1993 ndi 1997, m'Cinyanja, kusanafalikire kwina, ndipo colinga cake n'cakuti mwana adziwe kuwerenga m'cinenero cimene akumva, kenaka alowe m'Cipwitikizi ali ndi maziko. Mayeso a kalasi ya 12 adzalembedwabe m'Cipwitikizi. Cimene cidzamuthandize ndi buku m'nyumba ndi kholo lomumvetsera akuwerenga mokweza. Ndipo mwana wokhoza kuceza ndi agogo ake popanda womasulira wapeza cinthu cimene ku Tete akadacisowa.

Mapepala musawasiyire sabata yomaliza: kalata ya transferência yocokera ku sukulu yakale, ya magiredi a mwana, cédula kapena BI. Pamodzi ndi amenewa tengani kalata ya ubatizo ndi ya gawo limene mwana wafika pa katekisimu. Caka ndi caka timalandira ana amene anatsala pang'ono kulandira Ukaristia woyamba kapena Ulimbitso, koma palibe cosonyeza, ndipo timavutika kuwabwezera m'mbuyo.

Ife amene tili kale kumtunda nkhaniyi ikutikhudzanso. Obwerawo timawalandira ndi maso awiri: lina la cimwemwe, lina lofunsa ngati a m'tauni abwera cifukwa zawakanika. Diso laciwirilo limacititsa abambo ena kutsalira ku Tete, kuti kumudzi azinenedwabe kuti ali pa nchito. Mphakati uliwonse ungathe kudziwa banja limene lafika mwezi uno, kuwalozera nyumba ya renda yoyenera, kuwabwereka mbewu ya nyemba yodzabweza pokolola, ndi kuperekeza mayi kapena bambo ku sukulu tsiku la matrícula, kumene mlendo amaima pamzere wolakwika mpaka masana.