Kamera Nayo Iziyamba Yaodira

Palibe munthu woleredwa bwino amene amafika pakhomo pa mnzake osanena "odi". Nanga kamera yokha taipatsa ufulu wotani, kuti izilowa pamaliro, pachinamwali ndi m'chigafa cha fodya popanda kuodira? Tikunena alendo amene amaima pa Kasungu popita ku Mzuzu kapena ku paki ya nyama. Koma tikudzinenanso ife eni, pakuti masiku ano foni ya m'thumba mwathu yaiposa kamera ya mlendo pa kusowa ulemu.

Ambiri tikumukumbukira wojambula wa panjinga uja wa nthawi ya filimu. Munthu ankayamba wasamba, kudzola mafuta, kuvala za pa Mulungu, n'kusankha yekha poima. Patapita masabata angapo chithunzi chinkabwera, ndipo chinali chake. Lero gogo wogulitsa mandasi pa depoti amajambulidwa ali kukamwa yasa, nkhope yake n'kufika ku London iye asanamalize kuwerenga ndalama zake. Sadzachiona chithunzicho. Dzina lake silinafunsidwe n'komwe.

Pa Gule Wamkulu ndi pamene nkhaniyi yafika poipa. Bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti guleyu ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, ndipo ena anamva ngati mawuwo akutanthauza kuti gule alibenso mwini. Ayi ndithu. Ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, gule amatulukira dala kuti aonedwe. Kujambula kumeneko sikulakwa. Koma Kasiyamaliro akatuluka m'mudzi muno mwa Kaomba sanabwere kudzasangalatsa munthu. Wabwera kudzaperekeza womwalira, ndipo amene akhala pambalipo ndi anamfedwa. Kuyenda chokwawa pakati pawo pofuna malo abwino ojambulira, kapena kuzembera cha ku dambwe kuti ukajambule zimene eni ake amabisa, ndi chipongwe, ngakhale chithunzicho chitakongola chotani.

Tikudziwa kuti ena mwa ife adzati: ife ndife Akhristu, za Nyau zikutikhudza bwanji? Awa apite ku Mua. Kumeneko Bambo Claude Boucher, wansembe wa chipani cha White Fathers, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo anatha zaka zambiri akukhala pansi ndi akuluakulu a midzi, kufunsa ndi kumvetsera. M'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake ndi tanthauzo lake. Zinthu zotere sizipezeka kwa munthu wojambula ali pa windo la galimoto. Ulemu kwa mnansi sudikira kuti tiyambe tagwirizana naye pa chikhulupiriro.

Sitikudana nayo kamera. Mu 2018 nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain inasindikiza zithunzi ndi nkhani za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ya kuno ku Kasungu. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa dongosolo la utenanti. Zithunzi pazokha sizinachite zonsezi, koma zinathandiza kuti anthu akutali aone. Kusiyana kwake ndi uku: atolankhaniwo anafotokoza za moyo wa anawo, chifukwa chake sanali kusukulu, ndi zimene makolo awo ankatsala nazo fodya akagulitsidwa. Wodutsa amene wajambula mwana wopanda nsapato pafupi ndi msika wa fodya wa Chinkhoma, n'kumuika pa Facebook ndi mawu achisoni, sanafotokoze kanthu. Wangokolola umphawi wa mwini wake, iye n'kulandira matamando.

Ndipo ife? Ngozi ikachitika pa msewu wa M1, manja amene akanayenera kunyamula wovulala amathamangira m'thumba. Mtembo usanafunditsidwe n'komwe, chithunzi chake chazungulira kale pa WhatsApp, ndipo mayi amamva za imfa ya mwana wake pa foni ya mnansi, a mwambo asanafike kudzawauza monga mwa chikhalidwe chathu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 19 ndi 21, amateteza ulemerero wa munthu ndi chinsinsi cha moyo wake. Koma kodi mpaka tidikire bwalo la milandu kuti litiphunzitse zimene agogo athu ankadziwa asanaone sukulu?

Wofuna kujambula mwambo ayambe wafika kwa a nyakwawa. Wofuna kujambula mwana apeze kholo lake. Akakuvomerani, aonetseni chithunzicho pomwepo, ndipo chimene sanachikonde chifufutidwe iwo akuona. Akakana, foni ibwerere m'thumba popanda kunyinyirika kapena kutulutsa kandalama kowanyengerera nako.