Za Umoyo Pakhomo: Chubu cha m'mphuno si chizindikiro cha imfa

Sabata lina masana, titaweruka mapemphero kuno ku Mkanda, tinakazonda mayi wina amene mwana wake anali wotupa miyendo chifukwa chosowa zakudya m'thupi. Mayiyo sanachite kutulutsidwa m'chipatala ayi, anathawa usiku. Anamwino ankafuna kumuika mwanayo chubu cha m'mphuno, ndiye anzake odikirira odwala anamunong'oneza kuti, "Akangomuika chimenecho, dziwani kuti watsala madzi amodzi. Bola dripi."

Abale ndi alongo, mantha amenewa akutitayitsa miyoyo. N'zoona kuti ena amamwalira chubu chili m'mphuno. Koma chubucho amachiika kwa amene adwalika kale kwambiri, ndipo ambiri timafika nawo kuchipatala mochedwa. Chimapha ndi matenda, osati chubu.

Achipatala amatsata malangizo ochokera ku kafukufuku, ndipo mfundo yake ndi imodzi ku Mchinji, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku chipatala chathu cha Mwami ku Zambia: ngati matumbo akugwira ntchito, chakudya chidzere m'matumbo. Wodwala wotha kumeza adye yekha. Wolephera kumeza, monga wakomoka kapena wafa ziwalo ndi sitiroko, amamuika kachubu kofewa kodzera m'mphuno kukafika m'mimba. Kudyetsa kudzera m'mitsempha ndi njira yomaliza, matumbo akatsekeka kapena akasiya kugwira ntchito. Chakudya chake n'chapadera ndiponso chodula, chimafuna kuyeza magazi pafupipafupi, komanso tizilombo titha kulowera pomwepo.

Nanga dripi yomwe timaikonda ija? Ntchito yake ndi kubwezera madzi ndi mchere m'thupi komanso kuperekeramo mankhwala, koma si nsima. Lita imodzi ya dripi ya shuga wa 5 peresenti imakhala ndi magalamu 50 a shuga, omwe ndi makalori pafupifupi 200 okha, pomwe munthu wamkulu amafuna pafupifupi 2,000 patsiku. Mulibenso zomanga thupi. Kwa mwana wonyentchera kapena wotupa, dripi itha kukhala yoopsa, chifukwa mtima wake ndi wofooka ndipo madzi akachuluka umalephera kupopa. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la WHO amati mwana wotere ayambe ndi mkaka wa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku. Akamalephera kumwa wokwanira, mkakawo umadzera m'chubu. Njala ikabwerera, chubu amachichotsa, mwana n'kuyamba F-100 kapena chiponde.

Ngati inu ndi amene mukudikirira wodwala wa chubu, kumbukirani izi:

Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chubu kapena chakudya.
Tsamiritsani wodwala, mutu ndi chifuwa zikhale m'mwamba, podya komanso kwa theka la ola akatha kudya.
Musathiremo phala, thobwa kapena mankhwala azitsamba osauzidwa ndi namwino.
Chubu chikasuntha, kapena wodwala akayamba kutsokomola, kubanika kapena kusanza, lekani kudyetsa, itanani namwino. Musachikankhe nokha.
Wokomoka musamuthire phala m'kamwa. Limalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Muli ndi ufulu wofunsa achipatala chifukwa chimene akuikira chubu ndi masiku amene chikhale. Funsani, koma musathawe.

Pa Mateyu 25, Ambuye amaika kudyetsa wanjala ndi kuzonda wodwala m'gulu la ntchito zochitira Iye mwini. Amayi a Dorika ndi akulu a mpingo, pozonda odwala tisamapite ndi nthochi ndi pemphero zokha, tizipitanso ndi mawu ochotsa mantha. Tsiku lija tinapemphera ndi mayi uja, tinamufotokozera zimenezi, kenako tinasonkherana ya kabaza. Dzuwa lisanalowe, anali atabereka mwana wake kubwerera kuchipatala.