Milungu itatu ya March sikwana kuweluzila koci

Caka ciliconse mu March, anthu a ku America amaika maso pa mpikisano wa basketball wa makoleji umene umayendetsedwa ndi bungwe la NCAA. Eni ake amati March Madness, kutanthauza misala ya mu March. Mpikisanowu unayamba mu 1939, ndipo mu 2011 ciwelengelo ca matimu olowa cinafika pa 68. Lamulo lake n'losavuta: mukagonja kamodzi, mulongedza katundu n'kubwelela kusukulu. Pakatha milungu itatu pamatsala timu imodzi. Zikatelo manyuzipepala ndi mawailesi amatulutsa mndandanda wa makoci, kuonetsa kuti uyu wawina masewela angati mu mpikisanowu ciyambile nchito, waluza angati, ndipo wafika kangati pa matimu anayi omaliza amene amati Final Four.

Ife tiona kuti mndandanda umenewu umapatsidwa ulemu wopitilila muyeso. Pali makoci amene acotsedwa nchito cifukwa ca usiku umodzi, ndipo pali ena amene atamandidwa koposa pomwe cimene cinawathandiza ndi mpila umene unagunda mphete n'kugwela mkati m'malo mogwela kunja. Timu ya kukoleji imasewela masewela oposa 30 pa nyengo imodzi, kuyambila mu November. Koma kuti itenge cikho ca NCAA imafunika kuwina masewela 6 cabe motsatizana, ndipo kuti icoke ndi manyazi imangofunika kuluza kamodzi.

Nkhani ya Tony Bennett wa pa yunivesite ya Virginia ionetsa bwino zimenezi. Mu 2018 timu yake inalowa mu mpikisano itawina masewela 31 n'kuluza awili cabe, ndipo inaikidwa pa nambala 1. Pa 16 March inakumana ndi UMBC, timu ya pa nambala 16, n'kuluza 74-54. Cinthu cotele cinali cisanacitikepo mu mpikisano wa amuna: matimu a pa nambala 1 anali atawina masewela onse 135 amene anasewela ndi a pa nambala 16. Anthu anati kasewelo ka Bennett kodekha ndi kolimbikila kuteteza sikangagwile nchito mu March. Caka cotsatila, koci yemweyo ndi kasewelo komweko anatenga cikho atagonjetsa Texas Tech 85-77. Ngakhale apo zinthu zinali pa kaulusi. Posewela ndi Purdue, Virginia inapulumuka cifukwa Mamadi Diakite, mnyamata wa ku Guinea, anaponya mpila n'kulowa nthawi itangotsala pang'ono kutha, ndipo masewela anapita ku nthawi yoonjezela. Posewela ndi Auburn anawina 63-62 Kyle Guy ataponya mipila itatu ya cilango kutatsala nthawi yosakwana sekondi imodzi. Umodzi wa mipila imeneyo ukanaphonya, lelo Bennett akanakumbukidwa cabe monga koci amene anacititsidwa manyazi ndi UMBC, pomwe luso lake linali lomwelo.

Cina cimene mndandanda umabisa ndi mmene matimu amagawidwila. Komiti ya NCAA imaika matimu pa manambala 1 mpaka 16 m'zigawo zinayi, ndipo wamphamvu amayamba ndi wofooka. Koci wa pa sukulu yaikulu monga Duke, Kansas kapena Kentucky nthawi zambili amayamba ndi timu imene aiposa kutali, conco masewela oyamba amangoonjezela pa ciwelengelo cake. Koci wa pa koleji yaing'ono, amene wavutika nyengo yonse kuti apeze malo amodzi amene ligi yake imapatsidwa, amafika n'kupeza kuti tsiku loyamba akumana ndi cimphona. Akafika katatu n'kuluza katatu, pepala lidzalemba kuti wawina 0, waluza 3. Mnzake amene sanafikeko n'komwe alibe banga lililonse pa pepalalo. Conco amene wacita bwino ndiye amaoneka wolephela.

Nazo zaka zimasokoneza kuyelekezela. Mike Krzyzewski wa ku Duke anawina masewela 101 a mu mpikisanowu, kuposa koci wina aliyense wa matimu a amuna, ndipo anatenga zikho 5. John Wooden wa ku UCLA anawina 47 cabe, koma anatenga zikho 10 pakati pa 1964 ndi 1975, ndipo 7 mwa izo zinali zotsatizana. Kusiyanaku kubwela cifukwa m'zaka zambili za Wooden mpikisano unali ndi matimu osapitilila 25, ndipo masewela anayi anali okwana kutenga cikho. Komanso 1975 isanafike, ligi iliyonse inali kutumiza timu imodzi cabe. Mu 1971 timu ya USC inawina masewela 24 n'kuluza awili, onse awili kwa UCLA, ndipo siinaloledwe kulowa mu mpikisano. Koci wake Bob Boyd sapezeka pa mndandanda wa caka cimeneco, ngakhale kuti anali ndi imodzi mwa matimu amphamvu kwambili m'dziko lonse.

Amene amakonda mndandandawu ali ndi mfundo yao, ndipo ndi yomveka. Amati koci amadziwika pamene zinthu zathina, pamene ali ndi tsiku limodzi kapena awili okonzekela timu imene sanakumanepo nayo. Tivomeleza kuti munthu safika pa Final Four maulendo 13 mwamwayi, monga anacitila Krzyzewski, ndipo Geno Auriemma sanatole m'njila zikho 12 zimene watenga ndi timu ya atsikana ya UConn. Pa zaka 30 kapena 40 mwayi ndi tsoka zimafafanizana, ndipo cotsala ndi luso. Vuto lili pa kuweluza munthu ndi zaka zitatu kapena zisanu.

Akuluakulu omwewa akanaweluzidwa msanga sitikanawadziwa. Wooden anafika ku UCLA mu 1948 ndipo cikho coyamba cinabwela mu 1964. Dean Smith anayamba kutsogolela North Carolina mu 1961, ndipo anafika pa Final Four maulendo 6 osatenga kanthu, mpaka mu 1982 pamene Michael Jordan, ali m'caka cake coyamba, anaponya mpila umene unagonjetsa Georgetown. Krzyzewski m'zaka zake zitatu zoyamba ku Duke anawina masewela 38 n'kuluza 47. Ambili anafuna kuti acoke, koma mkulu wa zamasewela pa sukulupo, Tom Butters, anamuonjezela kontilakiti. Mu 1990 anakwapulidwa 103-73 ndi UNLV pa masewela omaliza, ndipo cikho cinabwela mu 1991. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masukulu amenewa anadekha.

Taonani Mark Few wa ku Gonzaga, sukulu yaing'ono ya mu mzinda wa Spokane. Anatenga timuyo mu 1999 n'kuisandutsa imodzi mwa matimu oopedwa ku America. Wafika pa masewela omaliza kawili, mu 2017 ndi mu 2021, ndipo waluza konse kuwili. Kevin Ollie anatenga cikho ndi timu ya anyamata ya UConn mu 2014, m'caka cake caciwili, koma m'zaka zinayi zotsatila analowanso mu mpikisano kamodzi cabe, ndipo mu 2018 anacotsedwa nchito. Tikawelenga zikho, Ollie ali pamwamba pa Few. Sitikhulupilila kuti pali kholo lodziwa basketball limene lingasankhile mwana wake koci mwa njila imeneyo.

Tisaiwale kuti osewela amenewa ndi ana a sukulu, ndipo ocepa cabe ndiwo amafika mu NBA kapena WNBA. Pat Summitt wa ku Tennessee anatenga zikho 8 ndi timu ya atsikana, koma cimene ambili amam'kumbukila naco n'cakuti wosewela aliyense amene anatsiliza zaka zake zosewela pansi pa iye anatenga digili. Dean Smith ndiye anabweletsa Charlie Scott, wakuda woyamba kupatsidwa thandizo la maphunzilo cifukwa ca masewela pa North Carolina, pa nthawi imene tsankho linali lolimba kum'mwela kwa America. Mbali inayi, cikho cimene Louisville ya Rick Pitino inatenga mu 2013 cinafafanizidwa ndi NCAA mu 2018, zitadziwika kuti wanchito wina wa timuyo anali kubweletsa akazi kuti asangalatse osewela ndi anyamata amene sukulu inafuna kuwakopa. Mndandanda wa kuwina ndi kuluza sunena kanthu pa zonsezi.

Ife okonda mpila wamiyendo kuno kwathu tiidziwa nthenda yomweyi. Hervé Renard anatenga cikho ca Africa ndi Chipolopolo mu 2012 pa mapenoti 8-7 ku Libreville, ndipo mu 2013 timu yake inatuluka mu gulu itafanana mphamvu masewela onse atatu. Koci anali yemweyo ndipo osewela ambili anali omwewo, koma mmene tinali kumukambila m'misika ndi pa mafoni a pa wailesi munasintha.

Conco mukaona mndandanda wa makoci mu March, uwelengeni pamodzi ndi mafunso ena. Funsani kuti wakhalapo zaka zingati, anali kuyamba pa nambala iti, timu anaipeza ili potani, nyengo yonse inayenda bwanji, ndipo ana amene anadutsa m'manja mwake ali kuti lelo. Mayankho a mafunso amenewa amafuna nthawi kuti apezeke, ndipo sukulu imene ifuna kucotsa koci cifukwa ca usiku umodzi iyenela kuyamba yawafunafuna.