ZA PAKHOMO: Utsi wa m'khitchini upezereni khomo lake

Sabata ino tikambe za utsi. Kuyambira ku Insaca mpaka ku Entre Lagos ndi m'midzi ya m'mbali mwa Chiuta, khitchini ndi imodzimodzi: kanyumba ka udzu, khomo limodzi, mafuwa atatu pakati. Tayang'anani kutsindwi kwake. Mwaye wakuda bii umene uli pa phasopo ndi womwewo umene mayi wophika ndi mwana ali kumbuyo amapuma m'mawa ndi madzulo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osafika zaka 5. Ana umawapha ndi chibayo, pomwe akulu umawadya pang'onopang'ono ndi chifuwa chosatha ndi matenda a mtima.

M'nyumba za anthu opata ku Nampula kapena ku Blantyre, ena amaika chitofu pakati pa khitchini, napachika pamwamba pake chipewa cha chitsulo chokoka utsi ndi magetsi. Ife magetsiwo ambiri tilibe, koma moto wathu nawo uli pakati, ndipo nzeru ya chipewayo tikhoza kuibwereka. Utsi wotentha umakwera wokha. Chofunika ndi kuugwira usanamwazike ndi kuupatsa njira.

Wina anena kuti, "Nanga si ingogulani mbaula yabwino?" Mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene abale athu a kutsidya ku Machinga ndi ku Zomba amaumba, imapulumutsa nkhuni ndithu, koma ilibe chumuni. Kafukufuku wa ku Chikwawa ndi ku Karonga, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anatsata ana oposa 10,000 ndipo anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zoyaka bwino sizinachepetse chibayo. Ku Guatemala anayesa zitofu za nkhuni zokhala ndi chumuni, ndipo mu 2011 analengeza kuti chibayo choopsa mwa ana chinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho mbaula njabwino, koma utsi uyenera kutuluka panja.

Mukapita kwa wokhoma zidebe kumsika kuti akupangireni chipewa cha malata, musamalire izi.

Choyamba ndi kukula. Chipewa chikhale chachikulu kuposa moto, chipitirire mafuwa mbali zonse ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Moto wa pakati umawombedwa ndi mphepo yochokera pakhomo, ndiye kachipewa kofanana ndi mphika kangokhala chokongoletsa.

Chachiwiri ndi msinkhu. Chikakwera kwambiri utsi umathawira m'mbali. Chikatsika kwambiri mthiko ukugunda povundula nsima. Amene ayese msinkhuwo ndi mayi wophikayo, atakhala pa mpando wake, mphika waukulu uli pamoto. Abambo, pano musalamule.

Chachitatu ndi chopachikira. Gwiritsani waya wolimba kapena tcheni, mumange pa mtanda wosafumbwa. Luzi ndi chingwe cha pulasitiki zimaduka ndi kutentha, ndipo lata likagwa limagwera mwana.

Chachinayi ndi paipi yotulutsa utsi, ndipo apa mpamene pali ngozi. Paipi yotentha isakhudze udzu wa denga. Pamalo pamene ikudutsa chotsani udzu, muikepo lata lobowola pakati. Paipiyo ikhale yowongoka, ipitirire nsonga ya denga, ndipo pamwamba pake pakhale kachisoti koletsa mvula. Mwaye ukaunjikana m'kati umatseka njira ndipo umatha kuyaka, choncho muziigogoda ndi kuipala kawirikawiri. Musapangire chipewa mgolo umene munali mankhwala a thonje kapena a fodya.

Chachisanu, mpweya upeze polowera. Khitchini yotsekeka ponseponse siikoka utsi ngakhale chumuni chitalike bwanji. Siyani kazenera kapena mpata m'munsi mwa khoma.

Ngati ndalama ya lata lalikulu yavuta, sunthani mafuwa muwaike pafupi ndi khoma. Khoma limatchinga mphepo, chipewa chimachepa, ndipo chumuni mukhoza kuchimanga ndi njerwa ndi dothi. Ngati nazonso zakanika, boolani zenera moyang'anana ndi khomo, siyani mpata pakati pa khoma ndi denga, ndipo nyengo ya chilimwe phikirani panja pa chisakasa. Nkhuni zouma zimafuka pang'ono poyerekeza ndi zaziwisi, zitsononkho zonyowa kapena mapesi.

Agogo afunsa kuti, "Nanga mbewu yanga ya chimanga ndi mapira imene ndimapachika pamoto?" Funso ndi loona, pakuti utsi umathamangitsa anankafumbwe ndipo umateteza udzu wa denga. Koma mbewu ikhoza kuchitidwa utsi pa nsanja yake panja, monga momwe asodzi a ku Chilwa amawambira milamba, kenaka nkuisunga youma m'chotengera chotseka bwino. Denga limafoleredwa lina, mapapo a mwana sagulidwa pamsika.

Pomaliza, kumbukirani usiku wozizira wa June ndi July. Makala oyaka safuka utsi wooneka, koma amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Ndipo mwana akayamba kupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti kuche: thamangirani naye kuchipatala.

Tionana sabata ya mawa.