Masiku a Chisanu: Kalendala ya M'dimba Isakhale Yobwereka

Pa mapaketi a mbewu zamasamba ochokera ku Ulaya ndi ku America nthawi zambiri pamalembedwa kuti mbewu ifesedwe pa nazale masabata angapo chisanu chomaliza chisanagwe, ndipo iwokeredwe chisanucho chitadutsa. Njira yake njosavuta. Mlimi adziwe tsiku limene chisanu chowaula mbewu chimagwa komaliza ndi tsiku limene chimayambanso. Masiku apakatipo ndiwo nyengo yake yolima, ndipo mbewu iliyonse aziiwerengera masiku ake kuchokera pa malire awiriwo. Njirayi njanzeru, koma m'chigawo chino yafika ngati malaya obwereka. Mlangizi wina amaitsatira monga yalembedwera, wina amaitaya yonse poti kuno kulibe chisanu. Onse awiri amasocheretsa mlimi.

Amene amati kulibe chisanu akunena zoona ngati ali ku Vingunguti, dera la m'boma la Ilala mu mzinda wa Dar es Salaam. Kumeneko nkufupi ndi nyanja ya mchere, ndipo ngakhale mu Julayi kuzizira kwa usiku sikutsika kawirikawiri pansi pa madigiri 18. Alimi a m'chigwa cha mtsinje wa Msimbazi amalima bonongwe, amene eni ake amamutcha mchicha, ndipo amamuzula pakangotha mwezi umodzi chifesereni. Langizo la pa paketi lilibe ntchito kwa iwo. Koma sikuti munda wawo ulibe malire. Malire oyamba ndi madzi: mvula yaikulu ya masika, ya Malichi mpaka Meyi, imadzaza chigwacho nkumiza mabedi a m'munsi. Mvula yaing'ono ya vuli, ya Okutobala mpaka Disembala, nayonso siyodalirika, pakuti chigumula chimene chinapha anthu ndi kugwetsa nyumba m'chigwa cha Msimbazi mu 2011 chinadza mu Disembala. Malire achiwiri ndi kutentha. Matimati amayoyola maluwa usiku ukamatentha kwambiri, ndipo kabichi samanga bwino. Mbewu zoterezi nthawi yake ku Dar es Salaam ndi miyezi yozizirirapo ya Juni mpaka Seputembala. Mlimi wa ku Vingunguti alinso ndi masiku ake awiri: tsiku limene madzi amaphwa m'chigwa, ndi tsiku limene kutentha kapena madzi zimabwerera.

Miyezi yomweyo imene imakomera matimati ku Dar es Salaam ndiyo imawapha ku mapiri. Ku Njombe ndi ku Makete m'Tanzania momwemo, ku Nyika, ku Dedza, ku mapiri a Ntcheu, ndi tsidya lina la malire ku Angonia ndi Tsangano m'chigawo cha Tete, chisanu chimagwa ndithu, makamaka mu Juni ndi Julayi. Ku Ulaya chisanu chomaliza chimadza cha mu Epulo kapena Meyi ndipo choyamba chimadza cha mu Okutobala. Kuno kalendala njotembenuka: chisanu chimadza pakati pa chaka, m'chilimwe. N'chifukwa chake chimanga cha dzinja sichichidziwa, ndipo mlangizi amene maganizo ake onse ali pa chimanga amachiiwala. Chimene chimapsa ndi dimba, kumene banja limapeza ndiwo ndi ndalama m'miyezi yopanda mvula: matimati, nyemba, maungu, mbatata ya kachewere ndi chimanga chothirira, zimene zimadzaza misika ngati wa Lizulu.

Apa mpamene pafunika kumvetsa bwino, chifukwa chisanu cha kuno sichitsata boma kapena mudzi. Chimatsata kutsetsereka kwa nthaka. Chimagwa usiku wopanda mitambo ndi wopanda mphepo, pamene nthaka imataya kutentha kwake konse kumwamba. Masiku a chiperoni, ngakhale anthu amanjenjemera nawo, si oopsa kwa mbewu, pakuti mitambo imafunditsa dziko. Woopsa ndi usiku wa nyenyezi umene umatsatira chiperoni chikachoka. Mpweya wozizira ngolemera, ndipo umatsika m'phiri monga madzi nkukasonkhana pansi pa dambo. Motero alimi awiri a mudzi umodzi akhoza kuwokera matimati tsiku limodzi, wa kumtunda nkukolola, wa m'munsi nkupeza masamba ada bii dzuwa likutuluka. Tsoka lake nlakuti m'munsimo ndimo muli chinyontho, ndipo ndimo aliyense amafuna kulima.

Za ichi, manambala a ku siteshoni yoona za nyengo ayenera kuwerengedwa mosamala. Choyezera kuzizira chimakhala m'bokosi loyera, mita ndi pang'ono kuchokera pansi, kawirikawiri pamalo okwera ndi poyera. Usiku wa bata, mpweya wa pa msinkhu wa mbande umazizira madigiri angapo kuposa wa m'bokosimo. Siteshoni ikalemba madigiri 4, m'dambo mukhoza kukhala kuti mame aundana kale. Palinso msampha wina umene ophunzira amagwamo kuposa alimi: tsiku lapakatikati la chisanu chomaliza limatanthauza kuti pafupifupi theka la zaka zonse chisanu chimachedwa kuposa tsikulo. Wowokera pa tsiku limenelo akuchita juga. Mlangizi ayenera kupatsa mlimi tsiku lochedwetsetsa limene chisanu chinagwapo m'zaka khumi, ndi kumuuza poyera kuti kuwokera lisanafike tsikulo nkubetcha. Alimi ena adzabetchabe, ndipo sali opusa: wofika msanga pamsika amapeza mtengo wabwino. Koma abetche akudziwa, ndipo asaike mbande zonse pa bedi limodzi.

Masiku awiri aja akadziwika, zotsala nkuwerengera chabe. Mbande za matimati zimakhala pa nazale masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, choncho zifesedwe pa nazale yofunditsa masabata amenewo chisanu chomaliza chisanadutse. Nyemba zimafuna pafupifupi miyezi itatu. Zobzalidwa mvula ikamatha zikhwime chisanu choyamba chisanadze. Miyezi yachisanu isakhale yogonera: kabichi, repu, mpiru, anyezi ndi kaloti zimapirira, ndipo malo ake ndi m'munsi mwa dambo. Mbewu zanthete zikwere kumtunda.

Pa zoteteza, malangizo ena amene amaperekedwa ndi mtima wabwino amabweretsa chisanu m'malo mochithamangitsa. Udzu wophimbira nthaka umasunga chinyontho, koma umatsekereza kutentha kwa nthaka kuti kusafike pa masamba, ndipo mbande za pa bedi lophimbira zimapsa msanga kuposa za pa nthaka yonyowa yopanda kanthu. Udzuwo uikidwe pamwamba pa mbewu madzulo, uchotsedwe m'mawa. Kuthirira masana kumathandiza, chifukwa nthaka yonyowa imasunga kutentha. Mpanda wa udzu wa kumtunda kwa dimba umapatutsa mpweya wozizira. Wa kumunsi umautchinga ngati damu, ndipo uyenera kukhala ndi mipata. Utsi wa zinyalala, umene ambiri amaukhulupirira, thandizo lake nlochepa kwambiri.

Masiku amenewa sapezeka m'buku lililonse, ndipo palibe malo a kafukufuku, kaya Bvumbwe kaya Uyole, amene angayeze dambo lililonse. Ntchitoyi njolemba mlangizi: kope limodzi pa dera, lolembamo tsiku, dzina la dambo, mbali imene yapsa ndi mbewu yake. Zaka zoyamba zidzazidwe pofunsa akuluakulu amene alima dambolo nthawi yaitali, pakuti amakumbukira chaka chimene nthochi zinapsa ndi pamene kupsako kunalekezera. Wa ku Vingunguti alembe momwemo tsiku limene madzi a Msimbazi analowa m'mabedi, pamene anafika, ndi tsiku limene khasu linalowanso. Mlangizi akasamutsidwa, kopelo litsale pa ofesi ya dera kuti wolowa m'malo apitirize pa tsamba lotsatira.