Nkhondo ya pa siteji ili ndi mawu ake, tiwaphunzire

Anzanga a drama kalabu, ndi inu nonse amene mumapanikizana pa windo tsiku la zisudzo, ndili ndi dandaulo. Sewero lathu likafika pa nkhondo, zonse zimabalalika. Anyamata amalowa ndi ndodo, kumenyana mwachisawawa, kukuwa ngati m'mafilimu a karate a ku vidiyo sho, kenako mmodzi phii pansi, anthu n'kufa nazo nseko. Nkhani inali yachisoni, koma owonera akuseka. Ine ndikuona kuti gwero la vutoli ndi mawu. Sitidziwa mayina a zida zimene timanyamula, sitidziwanso dzina la chimene dzanja likuchita. Nanga chinthu chosachidziwa dzina ungachichite bwino bwanji?

Tiyambe ndi zida. Kwa ife chida chilichonse cha pa siteji timangoti lupanga basi. Komatu ambirife lupanga tinalimva m'Baibulo, ndipo kuti ulione ndi maso mpaka upite m'tauni, kumene akuluakulu a asilikali amalinyamula pa perete, monga tsiku lotsegulira Nyumba ya Malamulo ku City Centre. Makolo athu anali ndi zida zawozawo. Achewa ankadalira uta ndi mivi yosungira m'phodo, nthungo imene ena amati mkondo, ndi nkhwangwa, ndipo nthawi ya nkhondo mudzi ankauzinga ndi linga. Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835, anabwera ndi chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe, chibonga, ndi nthungo yaifupi yobayira mdani pafupi. Kamenyedwe aka anachoka nako kummwera, m'nthawi ya Shaka. Ndiye ngati sewero lanu likukamba za Angoni akuthira nkhondo mudzi wa Achewa, kapena za Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi Azungu mu 1896, inu n'kugawira aliyense lupanga la thabwa, mwanamiza owonera.

Tibwere pa zochita. Chichewa chathu n'cholemera kuposa mmene timachiyesera. Kulasa ndi kwa muvi kapena nthungo yoponya, ndiye kuti adaniwo atalikirana. Kubaya ndi kwa pafupi, dzanja limapita kutsogolo molunjika. Kutema ndi kwa nkhwangwa, dzanja limachokera m'mwamba. Kukantha ndi chibonga n'kwinanso. Wodziteteza naye ali ndi mawu ake: amatchinga ndi chishango, amalewa muvi, amabwerera chafutambuyo. Liwu lililonse likuuza wosewera poima, kokweza mkono ndi nthawi yosuntha. Wolemba sewero akangolemba kuti "amenyana", watisiya m'tchire. Akalemba kuti woyamba abaya, wachiwiri atchinga, akankha ndi chishango, woyamba adzandira n'kugwa chagada, aliyense amadziwa chochita, ndipo mawa adzachita chimodzimodzi.

Musaganize kuti ndi nzeru za ine mwana wa Fomu 2. Akulu athu a Fomu 3 ndi 4 amene amawerenga Shakespeare angandichitire umboni. Zaka zoposa 400 zapitazo ku London kunali aphunzitsi a lupanga ochokera ku Italy, ndipo mu Romeo and Juliet, Mercutio amanyogodola Tybalt pomutchulira mawu a Chitaliyana a kamenyedwe kameneko. Taonaninso mmene Mercutio amafera. Romeo amalowa pakati kuti aleretse, Tybalt n'kubaya modutsa kunsi kwa mkono wa Romeo. Kubaya kumodzi kokhako ndi kumene kumatembenuza nkhani yonse. Osewera akangogundanagundana osakusonyeza bwino, owonera sangamvetse chifukwa chimene Romeo akudziimbira mlandu. Mpaka lero m'nyumba zikuluzikulu za zisudzo kunjako mumakhala munthu amene ntchito yake ndi kukonza ndewu basi. Amagwiritsa ntchito mawu monga thrust, kutanthauza kubaya, ndi parry, kutanthauza kuphera chida cha mnzako kumbali. Amawerengera mayendedwe ngati gule, amayamba pang'onopang'ono, ndipo liwiro limabwera kumapeto. Ngati iwo amasunga mawu a makolo awo, ife tikutayiranji athu?

Nkhaniyi ikukhudzanso matupi athu. Teremu yatha mnzathu wina anatha sabata yathunthu osagwira cholembera chifukwa ndodo inamupeza chala pa prakatisi. Womenyayo sanachite dala. Iye ankati akutema, mnzakeyo ankadikira kubayidwa, chishango chinali potchinga pena. Mwamwayi inali ndodo. Nanga chikanakhala chikwanje, poti masiku a ntchito zamanja timabwera nazo pasukulu pano? Ena amanena kuti chida chenicheni chimakometsa sewero. Chingakometse, koma diso lilibe sipeya, ndipo ambirife kwathu n'kutali ndi chipatala. Akuluakulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Tisadikire kuti wina avulale kenako tiziti tikanadziwa.

Ndikudziwa zimene ena munene. Muti, "Aise, ife ndi a CDSS, tingalimbane ndi masukulu a m'tauni amene ali ndi holo, magetsi ndi zovala zogula?" Zoona, pa mipikisano ngati ya ATEM kapena NASFEST anzathuwo amafika atatchena. Koma pa nkhani iyi olemera ndife. Ku Old Town, pafupi ndi positi ofesi, amagulitsa ziboliboli, nthungo ndi zishango kwa alendo, ndipo zambiri zimakathera pakhoma ngati zokongoletsa m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43. Chida chopachika pakhoma sichiyankhula. Ife tikaweruka timabwerera kumudzi kumene kuli agogo amene anagwirapo uta posaka, amene amadziwa kagwiridwe ka chibonga. Kuwafunsa sikulira ndalama. Chishango tingapange ndi katoni ndi chiguduli, nthungo ndi bango kapena phesi la chimanga.

Ndiponso nkhondo yosavulaza munthu si yachilendo kwathu kuno. Taonani ingoma. Amuna amavina atanyamula chishango ndi chibonga, amaponda pansi mwamphamvu mpaka fumbi koboo, owonera n'kumva mantha ndi ulemu, koma palibe amene amatuluka magazi. Amavina pa Umhlangano ku Ntcheu, pa Umthetho ku Hora m'boma la Mzimba, ndi pa Nc'wala kufupi ndi Chipata ku Zambia mwezi wa February. Chinsinsi chawo n'chakuti aliyense amadziwa phazi lake ndi nthawi yake. Ndi zomwezo zimene tikusowa pa siteji.

Ena adzati kuphunzira zoterezi n'kulimbikitsa ndewu, mwinanso kudzutsa chidani cha mitundu. Ine ndikuona mosiyana. Nkhondo yoseketsa ndi imene imaphunzitsa ana kuti kumenya munthu ndi masewera. Nkhondo yokonzedwa bwino imachititsa anthu kukhala chete, n'kuona kuti amene wagwayo anali mwana wa munthu. Pasukulu pano Mchewa, Mngoni ndi Myao timakhala desiki imodzi, ndipo mbiriyi ndi ya tonsefe.

Pempho langa lili patatu. Choyamba, a patironi athu, chonde tiloleni timate pepala pambali pa nkhani ino, aliyense akafunse agogo ake liwu limodzi la chida kapena la kamenyedwe, adzalembepo pamodzi ndi tanthauzo lake. Chachiwiri, chitsulo chilichonse chakuthwa chisakwerenso pa siteji, ngakhale pa prakatisi. Chachitatu, ndewu iliyonse izilembedwa m'sewero liwu ndi liwu, ndipo osewera aziyiyeserera pang'onopang'ono akutchula mawuwo mokweza mpaka atayiloweza. Mutu umodzi susenza denga, ndiye amene muli ndi liwu loyamba, bwerani nalo Lolemba.

Wophunzira wa Fomu 2